Mmene Ndinajambulira Apongozi Anga Nditayang'ana Nkhokwe

Ku koleji ya aphunzitsi ndinakhalako chaka chimodzi ndi miyezi inayi, ndipo ndinachokako mwamtendere. Mkulu wa sukuluyo ananena kuti mutu ndili nawo, koma mutuwo sudziwa nthawi yolowera m'kalasi. Ine ndinavomera, chifukwa sindikonda kutsutsana ndi munthu amene wanena zoona atavala tayi. Anzanga anatsala kuti atenge setifiketi. Ine ndinatenga kamera. Ndinasinthanitsa ndi jekete yanga ya sukulu kwa mnzanga wina amene ankafuna kukafunsira mbeta, ndipo mpaka lero ndimakhulupirira kuti tinaberana mofanana.

Inali kamera ya bokosi, yakuda, yokulirapo pang'ono kuposa njerwa. Filimu imodzi inkatenga zithunzi zisanu ndi zitatu basi. Sunkaiika kumaso ngati za masiku ano. Unkaigwirira pamimba, n'kuweramira kagalasi ka pamwamba pake, ndipo m'kagalasimo munkaoneka dziko lonse, laling'ono ngati chikhadabo. Ndinafika nayo kwathu ku Kambombo m'zaka zoyambirira za Chitaganya. Bambo anga anaitembenuza mbali zonse, kenako anafunsa ngati setifiketi ili m'katimo. Ndinati ayi.

"Ndiye uisunge bwino," anatero. "Mwina idzaswa."

Anandibwereka njinga yawo, ndikuganiza pofuna kuti ndizisowa pakhomo. Ndinayamba kuyendayenda, Kambombo, Chikwa, mpaka ku Chifunda, kamera nditaikulunga m'thaulo kuopa fumbi. Ntchito inalipo, popeza makomo ambiri anali ndi munthu ku migodi wofuna kuona nkhope za kwawo. Filimu ikadzaza ndinkapatsa wonyamula makalata, iye n'kukaisiya ku boma ku Lundazi, kuchoka apo n'kupita kwa Mmwenye wina wa ku Fort Jameson amene ankatsuka zithunzi. Zinkabwerako patatha milungu isanu kapena kuposa. Choncho zolakwa zanga ndinkazidziwa zitakalamba kale.

Chimene chinkandivuta kwambiri ndi ulemu wa anthu akwathu. Munthu wamupeza akuseka mano onse pamtunda, koma akangoona kamera amaima njo, manja m'mbali, nkhope ngati akumuwerengera mlandu. Filimu yanga yoyamba inabwera ndi anthu asanu ndi atatu, nkhope imodzi.

Mankhwala ake ndinawapeza mwangozi, monga ndapezera zinthu zonse zanzeru m'moyo wanga. Tsiku lina m'chilimwe ndinakhala pansi pa mtengo wa tsanya pamalo owolokera kamtsinje kouma, panjira ya ku Chifunda, ndikupukuta kagalasi kaja. Kamera inali itapingasa pamiyendo panga, diso lake litaloza kumbali. Ine nkhope inali kumtengo, koma m'kagalasi ndinaona amayi atatu akuwoloka mchenga, madengu pamutu, wina akusimba nkhani ndi dzanja lonse. Palibe amene anaima njo. Kwa iwo ndinali mnyamata woweramira mimba yake. Ndinatsitsa kachitsulo kojambulira, iwo n'kupitiriza nkhani yawo. Atafika pamene ndinali, wamkulu mwa iwo anandiuza mtengo umene mizu yake imathandiza m'mimba mukamapota, ndipo ndinathokoza.

Kuyambira tsiku limenelo ndinaleka kuthamangitsa anthu. Ndinkasankha malo amene munthu sangawalambalale, pachitsime, pamphambano, pakhomo pa tchalitchi mapemphero akatha, n'kudikira nditayang'ana kwina. Ndinaphunzira kuti ukaika kamera pansi penipeni, munthu wopalasa njinga amaoneka ngati akutsika kumwamba ndi uthenga. Ndinaphunziranso kuti utsi wa lupsa, umene aliyense amautukwana mwezi wotentha, umafewetsa dzuwa ndipo nkhope sizichita mithunzi yakuda m'maso. Kagalasi kaja kanalinso ndi khalidwe lake: wopita kumanja kankamuonetsa akupita kumanzere. Zina ndinaphunzira mowawa. Tsiku lina ndinaiwala kupukusa filimu, ndipo mlaliki wa kwathu anatuluka ali ndi mbuzi pachifuwa. Anachiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti ikanakhala nkhosa akanachilandira.

M'maulendo omwewo ndinapeza mkazi ku Chikwa. Poti ku Kambombo kunalibe amene ankalira kuti ndibwerere msanga, tinayamba takhala kwawo, nyumba yathu kuseri kwa ya amayi ake, amene anali amasiye. Apa ndiye pamene maphunziro anga enieni anayambira. Mkamwini sayang'ana apongozi ake aakazi kumaso, sayankhula nawo mwachindunji, ndipo akakumana nawo panjira amapatuka. Ine ndinapatuka mokhulupirika kwa miyezi isanu ndi inayi. Ndinalowa m'udzu, m'minga, ndipo kamodzi m'chitedze, kumene ndinatulukako ndikuvina gule amene sanayambe waonekapo m'chigwa chonse cha Luangwa. Apongozi anga ndinkawadziwa mapazi, chifuwa chawo cha m'mawa, ndi msana. Nkhope ayi.

Koma anthu okhala bwalo limodzi sangalephere kuuzana kanthu. Mkazi wanga akakhala kumunda, apongozi ankayankhula ndi thadzi lawo la mawangamawanga, limene silinkachoka pakhomo.

"Iwe thadzi," ankatero mokweza, "nkhwangwa ija inabwerekedwa dzana, kodi inakwatiwa komweko?"

Ine ndili kuseri kwa nyumba ndinkayankha kuti, "Thadzi, uwauze kuti ikubwera manje manje."

Thadzilo linkagwira ntchitoyi mosadandaula.

Apongozi anali ndi mwana wamwamuna mmodzi yekha, mlamu wanga, amene ndinali ndisanamuonepo. Anapita ku migodi zaka zisanu ndi ziwiri m'mbuyomo osabwerako, ndipo anthu anali atayamba kumutchula kuti mtchona, poyamba monong'ona, kenako poyera. Masana aliwonse dzuwa likapendeka, apongozi ankakhala pakhonde moyang'ana njira yochokera kumsewu. Akafunsidwa ankati akupola mphepo, ngakhale mphepo inali kuseri. Denga lawo linali litabooka mbali imodzi. Ndinadzipereka kulifolera, koma thadzi linauzidwa kuti denga limenelo lili ndi mwini wake, ndipo adzabwera.

Ndiye kunabwera kalata. Mlamu wanga anamva kuti mlongo wake wakwatiwa ndi munthu wojambula, ndipo ankapempha chithunzi cha amayi ake. Mkazi wanga atatha kuwerenga anabwera kwa ine maso ali gwa.

"Inu, uwu ndiye mwayi wake. Akaona nkhope ya amayi abwera. Mukangoika mbuzi pachifuwa pawo, mubwerera ku Kambombo wapansi."

Mu kamera munatsala zithunzi ziwiri. Filimu ina inali ku boma, ulendo wa masiku, ndipo mitambo inali itayamba kusonkhana. Mvula ikagwa m'chigwa, njinga imasanduka katundu. Komanso panali funso lalikulu kuposa filimu: munthu ujambula bwanji amene suloledwa kumuyang'ana?

Anaitanidwa amalume a mkazi wanga, amene analinso ankhoswe athu, munthu wamfupi wokonda milandu yopanda magazi. Tinakhala pansi pa mtengo wa masau.

"Manje bokosi lanuli," anatero, "pojambula mumaima pati?"

"Kutsogolo kwa munthu, amalume."

"N'kumamuyang'ana?"

"Ndi mmene ena amachitira."

"Ndiye mwafuna kuima pamaso pa apongozi anu, dzuwa likuswa mtengo, n'kuwatong'olera maso ngati mukugula mbuzi."

"Sindinafune ine. Yafuna ndi kalata."

Anafunsa ngati mkazi wanga sangajambule yekha. Ndinafotokoza kuti mkazi wanga akaona munthu ataima chilili amagwidwa phwete, ndipo chithunzi chimodzi chimene anandijambulapo chili ndi khutu langa ndi mitambo yambiri. Zimenezo zinali zoona. Chimene sindinanene n'chakuti m'mudzi monsemo kamera ndicho chinthu chokha chimene ndinkachidziwa kuposa wina aliyense, ndipo sindinafune kuti apongozi aone kuti ngakhale chimenecho mwana wawo angachite popanda ine.

Amalume ndinawaonetsa njira yanga ya pamtsinje. Ndinawaimika moyang'ana nkhokwe, kamera pamimba, diso lake litaloza kumene apongozi ankapeta chimanga chapatali. Ine ndinafulatira. Anaweramira kagalasi nthawi yaitali.

"Uyu si mlongo wanga," anatero. "Aka n'kanyerere kovala mpango."

Anaganiza pang'ono, kenako anagamula ndi mawu a pabwalo. "Maso anu ali pamimba panu. Mphuno yanu yaloza kunkhokwe. Mutu mwaweramitsa, umenewo ndi ulemu. Zimene bokosi likuona ndi za bokosi. Bokosi silinakwatire mwana wa munthu."

M'mawa wa tsiku lojambula mudzi wonse unabwereketsa. Mkazi wa mphunzitsi anapereka diresi la maluwa. Wina anabweretsa nsapato, zocheperako pang'ono. Panabwera ambulera, panabwera Baibulo, ngakhale apongozi sankawerenga, ndipo pomaliza amalume analamula kuti njinga ya bambo anga iime pambali pawo. Apongozi anali asanakwerepo njinga chibadwire. Ine ndinali kale pamalo anga, mapazi khumi kuchokera pakhonde, nditayang'ana nkhokwe, ndikumva zonse.

"Amayi," anatero mkazi wanga, "alongo anga akaona zimenezi aganiza kuti mwakwatiwa ndi kalaliki wa ku boma."

"Ufuna anzake a ku migodi akaone kuti anabadwa kwa munthu wopanda nsapato? Bwera nacho chinthucho. Ndigwire pati?"

"Pa hendulo."

"Sichithawa?"

Ndinaweramira kagalasi. Munali njinga, diresi ndi ambulera, ndipo pansi pa ambulera panali mdima pamene payenera kukhala nkhope. Ndinauza mkazi wanga kuti ambulera ipendekere kumbuyo, ndiponso kuti amayi asunthire kumanja pang'ono. Uthenga unadutsa kwa mkazi wanga, kwa amalume, n'kufika. Apongozi anasuntha, n'kutulukiratu m'kagalasi, kutsala njinga yokha. Pakati pa kagalasi konama, thupi langa lopingasa ndi amithenga awiri, kumanja kunali kutasochera. Ndinati abwerere. Anabwerera mopitirira. Ndinati pang'ono chabe. Anthu anayamba kupereka maganizo awo, aliyense ndi kumanja kwake.

"Iwe thadzi," anatero apongozi, "tafunsa ngati ku koleji kuja anachokako asanafike pa phunziro la kumanja ndi kumanzere."

"Thadzi," ndinayankha nditayang'anabe nkhokwe, "uwauze kuti limenelo linali la chaka chachiwiri."

Bwalo lonse linaseka, kupatula apongozi, amene anakumbukira kuti akujambulidwa ndipo anaima njo ngati ena onse. Ndinagwira mpweya, ndinatsitsa kachitsulo. Chinatsala chimodzi.

Anthu anabalalika, aliyense kutsatira katundu wake. Apongozi analowa m'nyumba kukavula za eni ake, mkazi wanga n'kuthamangira kukabweza diresi lisanagwe dothi. Njira yopita kunyumba kwathu inkadutsa pakhomo pawo penipeni, choncho ndinangoima pomwepo kudikira wina adzandiuze kuti njira yayera. Palibe amene anakumbukira. Ndinapukusa filimu, mbuzi ya mlaliki ili m'maganizo, n'kupitiriza kuphunzira nkhokwe. Inali nkhokwe yabwino.

Kenako m'kagalasi munalowa munthu. Apongozi anali atatuluka ndi nsalu yawo ya masiku onse, yotuwa, n'kukhala m'mphepete mwa khonde. Za ine sanasamale; mkamwini woyang'ana nkhokwe sasiyana ndi mtondo. Anagwira phazi limodzi n'kumasisita pamene nsapato inawaluma. Mpango unali utatsetsereka, imvi zili poyera. Dzuwa linkagunda bwalo losesedwa n'kubwerera kumaso kwawo mofewa, kuwala kumene munthu sangakugule. Kumbuyo kwawo kunkaoneka chibowo cha denga. Kenako anasiya phazi lija, natembenukira kunjira yochokera kumsewu.

Aka kanali koyamba kuona nkhope yawo. Inali yaing'ono ngati chikhadabo, koma ndinazindikira chipumi cha mkazi wanga. Ndikanakonda kunena kuti ndinalimbana ndi chikumbumtima. Zoona zake n'zakuti chala chinafika msanga kuposa chikumbumtima. Kachitsulo kanalira pang'ono, ndipo amene anatembenuka ndi thadzi lokha.

Zithunzi zinabwera mvula yoyamba itagwa kale. Mkazi wanga, amene ndinali nditamuululira, anapita nazo zonse ziwiri kwa amayi ake. Ine ndinakhala kuseri kwa nkhokwe, imene tsopano tinali titazolowerana. Choyamba chinalandiridwa bwino. Chinatuluka chakuthwa, njinga yonse, ambulera yonse, mutu wosadulidwa. Amalume anati ngakhale mkazi wa bwanamkubwa sangaime choncho. Kenako mkazi wanga anawaonetsa chachiwiri.

"Thadzi," anatero apongozi motsitsa, "ichi anapempha ndani?"

"Thadzi, uwauze kuti chala chinaterereka."

"Chala cha ku koleji."

Mkazi wanga anachonderera kuti titumize chachiwiricho. Apongozi anakana. Anati mwana wawo sangakaonetse anzake nkhalamba yosisita phazi pansi pa denga lobooka, ngati alibe womubala wolongosoka. Cha njinga chinapita ku migodi ndi kalata ya moni wambiri. Chinacho anachiika m'chitini mmene ankasungamo singano, ndipo sichinatchulidwenso.

Yankho linafika pakati pa dzinja, wonyamula makalata atanyowa mpaka m'chiuno. Panali kalata ndi kaphukusi kakatali. Mkazi wanga anawerenga pakhonde, ine ndikumvera pamalo anga. Mlamu wanga analemba kuti mtima wake wakhala pansi. Ankada nkhawa kuti amayi akuvutika, koma tsopano waona ndi maso kuti sakusowa kanthu. Anzake onse ayamikira. Adzabwera ntchito ikadzalola. Pakadali pano, podziwa minga ya m'chigwa, watumiza kamphatso.

M'kaphukusimo munali pampu ya njinga.

Palibe amene anaseka, ngakhale mkazi wanga. Ndinamva apongozi akufunsa kuti chimagwira ntchito bwanji, kenako ndinamva kamphepo, fu, fu, ndi thadzi likuthawa mokalipa. Tsiku limenelo sanakhale pakhonde. Mawa lakenso ayi. Madzi ankalowa pachibowo chija, ndipo ankangosuntha mphasa.

Tsiku lachitatu m'mawa ndikunola khasu kuseri, ndinamva mapazi amene ndinkawadziwa bwino akuima pakona pa nyumba yathu. Ndinatembenukira kukhoma.

"Iwe thadzi," anatero, ngakhale thadzilo ndinali nditaliona lili kutali kudzala, "uwauze atumize chija chinaterereka. Asalembepo kanthu."

Atachoka ndinapeza chithunzicho pamtondo, atachitsendereza ndi kamwala. Ndinachiika mu envelopu chokhachokha. Kwa munthu ngati ine, kutumiza chinthu popanda kuwonjezerapo mawu inali ntchito yolemetsa, koma ndinapirira.

Kalata sinabwere. Mvula inatha, chimanga chinauma, tinayamba kukolola. Apongozi anabwerera pakhonde pawo, ndipo mkazi wanga analeka kutchula za migodi. Ine ndinayamba kuganiza kuti mwina envelopu inagwera mumtsinje, kapena kuti mlamu wanga anali munthu woti ngakhale chimenecho angachiyankhe ndi mankhwala a mapazi.

Anafika masana ena tikusenza chimanga, wapansi, sutikesi pamutu, chipewa m'manja. Zimene zinachitika pakhonde sindinazione, chifukwa cha mwambo, ndipo ndikuthokoza mwambowo. Ndinangomva. Patapita nthawi anabwera kuseri kudzandipeza, munthu wamtali wa chipumi chomwe chija.

"Ndinu alamu a bokosi?"

"Ndine."

"Munandipusitsa ndi njinga."

"Njinga inali yeniyeni, alamu. Pampu yanu ikuithandiza kwambiri. Bambo anga akupereka moni."

Anandiyang'ana ngati akusankha pakati pa kundimenya ndi kuseka, kenako anafunsa kumene anthu akumweta udzu wabwino chaka chino. Denga tinafolera awiri, iye pamwamba, ine pansi ndikuponya mitolo ndi malangizo. Anakhala mpaka nthawi yobzala. Ku migodi anabwererako, koma dzina la mtchona linamuchoka, chifukwa sanathenso zaka ziwiri osaponda pakhomo.

Denga litatha, mkazi wanga anandiuza kuti ndisambe ndi kuvala malaya abwino, amayi akundiitana. Mwambo umalola kuti mpongozi akafuna aphike nkhuku, aitane mkamwini ndi ankhoswe, manyazi athere pomwepo. Ambiri amadikira mpaka pabadwe mwana. Ndinalowa, ndinakhala pamphasa, ndipo mwachizolowezi ndinaweramira mimba yanga.

"Dzutsani mutu, bambo," anatero apongozi. "Munandiona kale."

Ndinadzutsa. Inali nkhope yomwe ija, koma yaikulu bwino, ndipo kumanja kunali kumanja. Anandikankhira mbale. Pakhomo panali nthenga za mawangamawanga.

"Idyani. Womasulira sitikumufunanso."

Nyama yake inali yolimba, poti linali thadzi la zaka, logwira ntchito yambiri. Komabe ndinadya mpaka fupa, ndipo ndinapempha amalume kuti akadzapita ku Kambombo akawauze bambo anga, pamaso pa mboni, kuti pali chinthu chimene ndamaliza.